Benchi la Amayi Oyembekezera

"Ndati sindipita! Kodi m'makutu mwanumo mwalowa fodya?"

"Ndamva, bambo a Lester. Ndakhala ndikumva chiyambire Lolemba. Funso langa n'limodzi: paipiyo mudzalowa nayo m'manda?"

Amuna anga aElifala adatembenuzira nkhope kukhoma. Adali pakhonde, bulangeti pamaondo dzuwa likuswa mtengo, kubisa thumba la mkodzo lomwe adalimangirira kumwendo. Padali patapita sabata chiwatengereni ku chipatala cha mishoni pangolo, mkodzo utatsekeka, chinena chitauma gwa, munthu wamkulu akulira ngati mwana. Adokotala adawalowetsa paipi, natipatsa kapepala koti tibwerenso Lachinayi adzawaunike m'mimba ndi makina. Adati makinawo ndiwo adzanene ngati paipi ichotsedwe n'kumangomwa mapilisi, kapena ngati pafunika opaleshoni. Tsiku lomwe tinkakanganalo lidali Lachitatu.

"Makina akewo ali kuti?" adatero. "Nenani, Nankhoma, musameze mawu. Ali kuti?"

"Ali ku sikelo."

"Ehe! Ku sikelo ya amayi apakati! Ine Elifala, imvi mbuu, munthu wowerenga mawu a Mulungu ku mapemphero a ku limana, ndikakhale pabenchi pakati pa tiana tonyamula mimba, tina toti ndidationa tikubatizidwa? Ndikatuluka m'menemo adzandifunsa kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi!"

Zoona zake makinawo adali amodzi chipatala chonse. Azungu adawapereka kuti aziunikira amayi oyembekezera, ndiye adakhazikika komweko, ndipo mwamuna wofuna kuunikidwa ankafola pamzere womwewo. Kwa ine sidali nkhani. Ine Roza ndidabereka ana asanu ndi awiri anthu akundiyang'ana, ndiye benchi n'chiyani?

"Mbewa ya manyazi idafera kuuna," ndidatero.

"Isiyeni ifere kuuna kwake komweko."

Tili mkati mokokana choncho padatulukira alamu anga aElizabeti, mlongo wawo wa aElifala, amene nyumba yawo ili kuseri kwa khola lathu. Mayi ameneyo nkhuku ikatsokomola ku Ntchisi amayamba kumva ndi iye. Sadapereke ndi moni womwe.

"Alamu, mukuwazunziranji achimwene anga? Matenda awa si a makina. Mudzi wonse ukudziwa, otsala ndinu nokha."

"Ukudziwa chiyani?"

"Musadzipusitse ngati simunamve. Debora! Tenanti wanu wa ku Phalombe uja. Mwamuna wake adamutchera ndi mankhwala, monga achitira kwawoko, ndipo adapita kumanda asanamumasule. Mwamuna aliyense womukhudza, mkodzo umatseka. Nanga achimwenewa kuseri kwa nyumba yake amakatani kasanu pa tsiku? Anthu adaona, alamu. Chibwerere matipate anthu sakuopanso kulankhula."

Ndithu sitinkaopanso. Ufulu wolankhula tidaulandira ndi manja awiri, ndipo pamudzi pathu tidayamba kuuyesera pa mkazi wamasiye. Debora adabwera ndi mwamuna wake zaka ziwiri m'mbuyomo kudzatilimira fodya wa bale. Mwamunayo adamwalira dzinja lathalo, iye n'kutsala m'kanyumba ka kumunda ndi ana ake aakazi awiri, ntchito akugwira ya anthu awiri. Mphekeserayi ndidali nditaimva kale ku mjigo, koma aka kadali koyamba kuti inenedwe pakhomo panga. Ndidatembenukira amuna anga.

"Bambo a Lester, mlongo wanu wanena pamaso panu. Yankhani. Mudagona naye mwana wa eniake uja?"

Ndinkayembekeza kuti akalipa, atukwana, aitana dzina la Mulungu. Iwo adakonza bulangeti, nayang'ana kuphiri.

"Mwamuna safunsidwa zimenezo."

Ndipo kumbali kwa mlomo adamwetulira pang'ono. Abale inu, kumwetulira kumeneko kudandiwotcha kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Zaka makumi anayi ndili pabanja, ndidamva nsanje ngati kamtsikana.

Nthawi yomweyo adafika Lester, mwana wathu woyamba, amene ankayang'anira munda chifookereni atate ake. Adatsamiritsa njinga pankhokwe, thukuta lili kamukamu.

"Ndikuchokera kwa Debora," adatero. "Ndamuuza. Loweruka la sabata yamawa ndisadzamupeze m'nyumba muja. Akapanda kuchoka ndidzasasula denga."

"Nanga chimanga chake?" ndidafunsa. "Kwatsala milungu itatu kuti chiume. Ana aja akadya chiyani kwawoko?"

"Chimangacho chili m'nthaka ya ndani, amayi? Anthu a kummwerawa boma atilanda, tsopano atipherenso abambo? Ayi, ine ndiye sindilola."

Ndikadatha kumuletsa. Lester amamvera ine kuposa atate ake, ndipo ndikadangoti "iwe, khala pansi", akadakhala. Koma ndidayang'ananso mlomo wa nkhalamba ija, n'kutseka pakamwa panga.

Lachinayi lidadutsa, kapepala ka adokotala kali m'Baibulo. Lachisanu m'mawa ndili m'chigafa kusoka fodya, ndidamva munthu akuti odi ndi mawu apansi. Adali Debora. Adagwada poteropo, manja akuda bii ndi phula la fodya.

"Amayi, aLester akuti ndichoke."

"Ndamva."

"Ndabwera kwa inu chifukwa ndinu mkazi mnzanga. Ndalakwa chiyani?"

"Ukufunsa ine? Kafunse kuseri kwa nyumba yako."

"Kuseri kwa nyumba yanga kuli nthochi, amayi. Abambo akakhala kumunda amathamangira kumeneko kukataya madzi, chifukwa palibe pena pobisika. Amaima nthawi yaitali. Ndimawamva akubuula. Ana anga ndidawaletsa kusewera mbali imeneyo kuti munthu wamkulu asachite manyazi. Ndi zokhazo zimene ndikudziwa."

"Utsi sufuka popanda moto, Debora."

"Moto wake ndi umenewo, amayi, ndakuuzani. Zoti malemu adanditchera, ine ndazimvera kuno. Mwamuna wanga adali wa kwaya, ngakhale mphini adalibe."

"Nanga bwanji eni ake sakukana?"

Adayang'ana pansi, nayamba kutola timasamba ta fodya tomwe tidagwa, n'kumatisanja pabondo pake ngati ntchito idakalipo yake.

"Zimenezo sindingawayankhire," adatero. "Ndingopempha chinthu chimodzi. Mundilole ndikolole kaye. Ndikapita chimanjamanja, ana awa ndikawadyetsa dothi."

"Za munda mwini wake ndi Lester. Dzuka, ukunditsekera kuwala."

Adadzuka n'kumapita. Tsono ndikuuzeni chinthu chimene chimandidya mpaka lero. Ine ndinkadziwa kuti vuto la mkodzo aElifala adayamba nalo kalekale, Debora asanaponde n'komwe ku Dowa. Ndani ankataya chitini chawo m'mawa uliwonse? Ndani ankawadikira panjira ya ku tchalitchi atapatukira patchire kawiri tisanafike? Zonsezo zidali m'mutu mwanga momwemu. Koma nsanje ikalowa m'nyumba, nzeru zimatulukira pazenera.

Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndikayamba kusoka fodya ndimasiya, ndikapita kudimba ndimabwerera panjira, mpeni ndaiwala. Ku mjigo amayi ankandimvera chisoni mokweza kuti aliyense amve, ndipo Debora akafika ndi ndowa yake ankamupatukira ngati wakhate. Adayamba kukatunga kumtsinje, mtunda wonse uja.

Lamulungu masana kudabwera anzawo a aElifala atatu ndi bawo, ati kudzazonda matenda. Ine ndidali kuseri kwa mpanda ndikusenda mtedza, ndipo zonse ndinkamva.

"Koma achimwene, pa msinkhu wanuwu!" adatero mmodzi. "Ife anzanu tidaweruka kalekale, inu mukadali m'munda?"

Onse adaseka chikhakhali. Ndidaimitsa manja kuti ndimve yankho.

"Chitsa chakale ndicho chimasunga moto," adatero amuna anga.

"Ha! Mwamumva? Mwamuna uyu! Tsoka lake wangopeza potchera, apo ayi bwenzi tikumva za mwana."

AElifala adaseka mpaka kutsokomola. Chiyambire matenda ndidali ndisanawamve akuseka choncho. Mawu adabwerera, msana udawongoka, bawo adadya onse atatu. Alendo atangotuluka pachipata ndidataya lichero pansi n'kukaima pamaso pawo.

"Chitsa chakale! Moto wake uti, umene ine mwini nyumba ndidasiya kuwotha zaka zisanu zapitazo?"

"Nankhoma, chepetsani mawu."

"Sindichepetsa. Bodzali likukukomerani. Mwasankha kutchedwa wachigololo kusiyana n'kutchedwa wodwala."

"Inu simudziwa za amuna. Wachigololo pabawo amamupatsa mpando. Wa thumba la mkodzo amamuseka ndi ana omwe. Mukufuna ndiziyenda m'mudzi muno anthu akuloza kuti uyo adatha, adakagona pabedi la azimayi?"

"Ndiye mkazi uja achoke ndi ana ake chifukwa cha mpando wanu wa pabawo?"

"Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akapeza pena. Matenanti amayenda chaka ndi chaka."

"Ndiyankheni bwinobwino, tili awiri. Mudamukhudza kapena ayi?"

"Ndayankha kale."

Adakoka bulangeti n'kutsinzina. Munthu wanzeru akadamva zonse pamenepo. Mtima wina unkandiuza kuti, Roza, thamanga kwa Lester, nkhalambayi ikunama. Koma wina unkati, nanga ngati ikubisa zoona m'kati mwa nthabwala? Ndidadziuza kuti ndidikire makina, makina alibe chibale. Loweruka lidali kutali, ndinkatero, masiku asanu ndi limodzi athunthu.

Chimene chidawanyamula pakhonde paja si mawu anga. Lachitatu paipi idayamba kuvuta, mkodzo ukutuluka wofiira, thupi litatentha. Lachinayi m'mamawa adandiitana okha.

"Nankhoma, kauzeni Lester amange ng'ombe."

"Tikupita kuti, kubawo?"

"Musandiseke, mayi. Ndikufa."

Lester adatisiya pachipata cha chipatala n'kubwerera ndi ngolo, poti fodya adali pa chigafa. Namwino adatsuka paipi, naitseka ndi kachitsulo, n'kuwapatsa jagi ya madzi kuti amwe yonse. Adati makina saona bwino chikhodzodzo chikakhala chopanda kanthu. Kenaka adatilozera ku sikelo.

Benchi lake lidali lalitali, lotsamira khoma, ndipo lidadzaza amayi oposa makumi awiri, mimba zili tutumba, makadi m'manja. Phokoso lonse lidazima titafika. AElifala adavala jekete la ku tchalitchi ndi chipewa chokokera kumaso, jagi ili m'manja. Amayi awiri adasendera, iwo n'kukhala pakati pawo ngati akhalira minga.

"Agogo, miyezi ingati?" kadafunsa kamtsikana kena kumapeto kwa benchi.

Benchi lonse lidagwa nacho chiseko. AElifala adaimirira, jagi n'kutayikira pansapato.

"Tiyeni tizipita. Ndidanena ine."

Ndidagwira jekete lawo kumbuyo ndi manja onse awiri.

"Mukachoka pano, bambo a Lester, mupita nokha wapansi, ndipo mukagwa panjira ine sindikutolani. Khalani pansi!"

"Mundichititsa manyazi pagulu?"

"Manyazi mwabwera nawo nokha m'thumba. Khalani!"

Mayi wina wachikulire pang'ono, amene mimba yake inkaoneka kuti ndi ya masiku omaliza, adadzudzula kamtsikana kaja. Kenaka adatembenukira kwa aElifala.

"Khalani, bambo, musawamvere anawa. Atate anga ku Chisepo adadwala omwewa chaka chatha. Adafika pakhomo pomwepa, ataona benchi adabwerera. Tidawaika mwezi wa Okutobala."

Palibe adasekanso. AElifala adakhala pansi, namwa madzi otsalawo pang'onopang'ono, maso ali pa simenti. Tidadikira maola awiri.

M'chipindamo mudali bedi, ndi makina okhala ndi kagalasi konga ka vidiyo za ku Mponela. Adokotala, bambo wa ndevu zochepa wolankhula mofatsa, adawapaka mafuta ozizira pachinena, nayendetsapo kachipangizo konga sopo. Pagalasi padaoneka mdima ndi utsi.

"Mayi, sendererani muone nawo," adatero. "Chakudachi ndi chikhodzodzo, chadzaza madzi amene amwa aja. Tsono taonani pansipa. Mukuona chotumphukachi, chalowa m'kati ngati kachulu?"

"Ndikuona."

"Ndi kanyama kamene mwamuna aliyense ali nako pakhosi pa chikhodzodzo. Timakatcha pulositeti. Munthu akamakula nako kamakula, ndipo kwa ena kamatseka njira ya mkodzo. Chimene timayeza ndi kutalika kwa mbali yalowa m'katiyi."

Adadina mabatani, timitanda tiwiri n'kuoneka pagalasi.

"Kakadalowa pang'ono, ngati njere ya chimanga, bwenzi tikuchotsa paipi lero, n'kukupatsani mapilisi, ndipo mwina mukadakodza nokha. Koma apa kalowa ngati nsonga ya chala chachikulu. Tikachotsa paipi, mawa mubweranso pangolo. Apa pafunika opaleshoni, bambo. Dokotala wake amachokera ku Lilongwe, afika Lachiwiri. Mugonekedwa lero lomwe kuti tiyambe tathana ndi kutentha thupiku. Mukadabwera sabata yatha, sibwenzi zitafika apa."

Ndidasendera pafupi ndi adokotala.

"Adokotala, pepani, ndifunse. Matendawa amayamba chifukwa cha mkazi? Kunena kuti, mwamuna akapita kwa mkazi wotcheredwa?"

Adandiyang'ana, nayang'ana aElifala, n'kupukusa mutu.

"Mayi, pabedi pomwepa pagonapo ansembe oti sadakwatirepo. Awa ndi matenda a ukalamba, ngati imvi. Kanyama aka sikakula mwezi umodzi. Mmene kakuonekeramu, kakhala kakukula zaka zisanu, mwina kuposa. Inu simunkaona kuti akuvutika?"

"Ndinkaona," ndidatero, ndipo mawu adatuluka aang'ono.

AElifala adali chagada, akuwerenga malata. Ndidapempha adokotala kuti andipatse chithunzicho. Adati mapepala ake ndi osowa, koma atandiyang'ana nkhope adadina batani, makina n'kulavula kapepala kosalala kokwana m'dzanja.

Ku wodi ya amuna, atawagoneka, ndidakhala m'mphepete mwa bedi.

"Tsopano nenani."

"Mwamva kale kwa adokotala."

"Ndikufuna pakamwa panu."

Adapuma mozama. "Sindidamukhudze ngakhale chala. Mwana uja amandipatsa ulemu ngati bambo ake."

"Mulungu wanga! Ndiye masiku onsewa mwakhala mukuonerera? Mwana wanu akumuthamangitsa, mlongo wanu akumuyalutsa, inu muli chitsa chakale?"

"Zidangoyamba ngati macheza, Nankhoma. Kenaka zidakula, ndiye ndikadabweza bwanji? Pitani mukawauze inu. Mukati adokotala ndiwo anena."

"Ndikawauze ine! Bodza mudalilera ndinu, maliro ake ndikaike ine?"

"Ine ndine wodwala."

Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadawagubuduza pabedipo. Koma dzuwa lidali litapendeka, matola a kwathu atapita kale, ndipo wodwala adafunika womuyang'anira. Munthu wina wa m'mudzi mwathu amene adabwera kudzaona m'bale wake ndidamutuma kuti akauze Lester kuti atate ake agonekedwa, achitidwa opaleshoni Lachiwiri. Za Debora sindidamutume, ndidati nkhani yotere njofunika pakamwa panga. Loweruka ndi mkuja, ndinkadziuza, mawa ndifika nthawi ilipo.

Lachisanu galimoto idachedwa kudzaza, kenaka idaphulika tayala pamtunda. Ndidafika kumudzi dzuwa lili paliwombo, ndipo sindidalowe n'kunyumba komwe. Ndidadutsa m'munda kuthamangira kwa Debora.

Kanyumba kadali pamtunda, kopanda denga. Udzu udamwazikana pabwalo, chitseko atachizula n'kuchitsamiritsa pamtengo. M'kati mudatsala mafuwa atatu ndi tsache. Alamu anga aElizabeti adali pomwepo, akutola mitengo ya denga kuti akasonkhere moto.

"Mwabwera, alamu? Zatheka. Lester atangomva kuti atate ake akawang'amba pamimba, sadadikirenso Loweruka. Walawirira m'mamawa ndi anzake."

"Ali kuti Debora?"

"Wanyamula akatundu ake, walowera ku Mponela. Ndipo sadalire n'komwe, mfiti ya mkazi. Wosalakwa amachoka chete choncho?"

Ndidamasula kapepala kaja pansonga ya chitenje.

"Taonani ichi. Ndi matenda a ukalamba. Adokotala anena, achimwene anunso avomera ndi pakamwa pawo. Mwana uja alibe mlandu."

Adachitenga, nachitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Ine ndikuona mdima wokhawokha. Makina a azungu angaone mankhwala a ku Phalombe?"

Ndidawasiya pomwepo tisanagwirane. Lester sindidamufunefune. Ndidatsika njira ya ku Mponela, theka ndikuyenda theka ndikuthamanga, mayi wa zaka zanga, mpaka wa njinga wina adandimvera chisoni n'kundikweza.

Ndidamupeza pamsewu waukulu, pomwe pamaima mabasi a ku Lilongwe. Adakhala pa mtolo wa zofunda, mapoto atawamanga m'chitenje, ana ake awiri atamutsamira uku ndi uku. Atandiona adaimirira n'kupinda maondo, monga ankachitira masiku onse.

"Debora, mwananga," ndidatero, mpweya ukundithera. "Taona. Awaunika abambo. Ndi matenda a ukalamba, adayamba iwe usanabwere. Makina anena, ulibe mlandu."

Ndidamutambasulira kapepalako. Sadakalandire, sadakayang'ane n'komwe.

"Ndidakuuzani m'chigafa, amayi. Nditagwada."

"Udandiuza. Ndidalakwa, ndikhululukire. Tiye tibwerere. Denga Lester afolera ndi manja ake, ine ndikuimirira pomwepo. Ukakolola, ukakhala mpaka udzafune wekha kuchoka."

"Ndikatunga madzi pa mjigo uti?"

"Anthu adzamva zoona."

"Kwa ndani? Abambo akanena ku limana?"

Ndidatsegula pakamwa, koma bodza lidakana kutuluka.

"Akuti ndikanene ine."

Adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ndiye anthu adzati mayi akubisa manyazi a mwamuna wake. Inunso mukudziwa. Ana angawa dzulo anzawo amawaimba nyimbo, lero aona denga lawo likugwetsedwa iwo ali m'kati. Ndiwabwezerenso komweko?"

"Nanga kwanuko ukafikira kwa ndani wopanda ngakhale thumba limodzi?"

"Kwathu ndi kwathu, akandilandira ndi manja anga omwewa. Amayi, ndikufunseni chinthu chimodzi, musakwiye. Inu mwakhala nawo abambo zaka makumi anayi. Ine ndangowamvera kuseri kwa nthochi zaka ziwiri, koma ndidadziwa kuti akudwala. Inu simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye makinawo akuuzani chiyani chatsopano?"

Ndidalira pamenepo, pamsewu, ogulitsa mbatata akundiyang'ana. Iye sadalire. Basi idafika, kondakitala akukuwa Lilongwe, Lilongwe, ndipo adakweza ana ake mmodzimmodzi, kenaka mtolo, kenaka mapoto. Ali pakhomo pa basi adatembenuka.

"Abambo muwapatse moni. Achire."

Adakhala mbali ya kutali ndi ine, ndipo basi idanyamuka.

Opaleshoni idayenda bwino. AElifala adatuluka patatha masiku khumi, paipi atachotsa, ndipo lero amakodza ngati mnyamata. Ine ndidanena zoona ku mjigo, ku limana, ngakhale pamaliro, mpaka anthu adayamba kundithawa. Ankangogwedeza mitu n'kumati aNankhoma ndi mayi wopirira, akuteteza banja. Eni ake nkhaniyi sadaitchulepo, ndipo pabawo mpando wawo ulipobe.

Mwezi wa Juni ndidagula envulopu ndi sitampa ku Mponela, ndidati ndimulembere, mwina ndimutumizireko ufa pa basi. Ndidalemba dzina lake, pansi pake n'kulemba Phalombe, cholembera n'kuima. Ndidafunsa Lester, sadadziwe. Ndidafunsa aElifala, sadadziwe. Zaka ziwiri mkazi uja adatisokera fodya pakhomo pathu, ndipo panalibe mmodzi wa ife amene adamufunsapo dzina la mudzi wake.